Chithunzi cha Mutu wa Mlendo

Loko ndimakhoma kamodzi, ngati wina aliyense.
Chandithera nsapato ndi kubwererako.
Kuchoka pa okala yanga pa Dwangwa
kukafika pa kamlatho ndi mapazi mazana atatu,
ndipo pomwepo kamawu kaja kamadzuka:
Wakhoma?
Ndakhoma.
Wakhomadi?
Basi, nditembenuke, ndikagwedeze loko
kasanu ndi kawiri, poti kasanu ndi kamodzi sikakwana,
uku mathirakitala a nzimbe akudutsa,
phulusa la minda yotenthedwa likutera pa kolala yanga.

Bwanali, mlonda wa pachigayo, anatopa nawo moni wachitatu.
Amayi a zitumbuwa mlandu anagamula kalekale:
ameneyu anakhwimira bizinesi, chizimba chake n'chimenecho.
Chizimba chanji chosagula ngakhale njinga?
Asiyatu, mkazi wanga, anawerenga sopo,
mitanda inayi pa sabata imodzi.
Zikhatho zanga zang'ambika ngati dambo mu Okutobala.
Kumzikiti ndimapanga wuzu n'kuyambiranso,
kodi madzi afika pa chigongono? n'kuyambiranso,
pomwe ndikulowa, anzanga akuvala nsapato.

Ndamwa zowawa za m'mabotolo opanda dzina.
Ananditema mphini m'mutu, anandifukiza utsi.
Kamawu kankangodikira pakhomo n'kulowanso nane.

Lachinayi lina ku chipatala cha Nkhotakota,
m'chipinda chakumapeto chomwe anthu amalowa atazolika,
mayi Kalimanjira anamvetsera osaseka.
Kenako anatsegula buku n'kulitembenuzira kwa ine.
Mutu wa munthu, wong'ambidwa pakati ngati papaya
koma popanda mpeni, popanda magazi:
makina anaujambula mwini wake ali moyo, atagona chagada.
Ponse potuwa, koma kuseri kwa mphumi
kadontho kofiira psuu, ngati khala loiwalika m'phulusa.

Apa, anatero, akuloza ndi cholembera.
Ubongo uli ndi timadzi take totumizirana mauthenga,
tina toti pita, tina toti ima.
Zikuoneka kuti mwa ena toti pita timasefukira,
toti ima timaperewera,
ndiye uthenga umangozungulira
ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo,
msipu unatha kale, iyo ikuzungulirabe.
Ofufuza sanamalize, anawonjezera, n'kupukuta magalasi.

Ndinafunsa: mutuwu ndi wa yani?
Sakudziwa. Wa munthu wa dziko lakutali, dzina anafufuta.
Wanga sunajambulidwepo,
komwe kuli makina otero thumba langa silifikako.

Ndinauyang'ana mpaka wodwala wina anakhosomola panja.
Iwe mlendo wopanda nkhope,
loko wako ndi wotani? Kwanuko kuli nzimbe?
Umawerenga kangati usanachoke?
Nawenso anakunena kuti unakhwima?
Mkazi wako sopo amabisa pati?
Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikuyesa
kuti kamawu aka kamadziwa Chichewa chokha,
kuti kanabadwira m'chigaza changa basi.

Anandipatsa timapiritsi m'kapepala,
ndi ntchito yoposa kudula nzimbe pa dzuwa la masana:
khomani kamodzi, muchoke,
mtima ugunde mmene ungagundire, inu musatembenuke.
Sizichira ngati malungo, anatero. Mubwerenso mwezi ukatha.

Dzulo ndinafika pa kamlatho.
Wakhoma?
Ndinaima. Thukuta m'khwapa, miyendo ikufuna kwawo.
Thirakitala inadutsa. Inanso inadutsa.
Ndinalankhula nalo khala lija,
la mlendo, langa, sindikudziwanso:
ndakumva, yaka mmene ungayakire, ine ndikupita.

Ndisaname, ndinabwerera.
Kawiri.
Kawiri kokha.

Bwanali anadzutsa mutu pa mbaula yake,
anayang'ana ine, anayang'ana loko,
nati, lero mwafulumiratu, a Twaibu.
Kunyumba ndinapeza ana asanagone,
wamng'ono akulimbana ndi masamu pansi pa tochi.
Anandifunsa ziwiri kuchotsera pa zisanu ndi ziwiri.
Ndinamuyankha osawerenga zala.